Woba m'sitolo akunamizira kugula timati watani?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira alonda pa sitolo ina, ndipo munthu akagwidwa ndine ndimawerenga lipoti lisanapite kupolisi. Nkhani ikumakhala iyi: munthu walowa ngati kasitomala, wazungulira mashelefu, watenga mafuta odzola n'kulowetsa m'jekete, kenako wadutsa pa tilu atalipira sopo yekha. Azungu amati shoplifting. Nanga ife timati watani?

Alonda amakonda kulemba kuti "wathyola sitolo". Ine ndimakana, chifukwa wothyola ndi uja amabwera titatseka, n'kudula loko kapena kuswa zenera. Wina analemba "walanda". Komatu kulanda kumafuna mwini katundu ali pomwepo akuopsezedwa kapena kumenyedwa, ntchito ya achifwamba imeneyo. Kupisa ndi kwa m'thumba mwa munthu. Ndatsala ndi "kuba", koma sikukunena mmene waberamo.

Zimandidetsa nkhawa ndithu. Kuba wamba, kuthyola ndi kuba moopseza ndi milandu yosiyana, zilango zakenso n'zosiyana. Sindikufuna cholembera chathu chisenzetse mwana wa eni ake mlandu woposa umene wapalamula. Nanga wosintha kapepala ka mtengo kuti alipire zochepa, nayenso ndi mbava kapena tambwali?

Yankho 1: Akulu, ife timati "wasolola". Mawuwa amaonetsa dzanja loyenda mwakachetechete mwini akuyang'ana kumbali. Koma ndi oyankhula chabe, papepala musalembe.

Yankho 2: Mawu a shoplifting ndi akale, a m'zaka za m'ma 1600 ku England, kumene "lift" ankatanthauzanso kuba. M'ma 1690 anakhazikitsa lamulo loti woba katundu wa mashilingi 5 kapena kuposerapo m'sitolo akhoza kunyongedwa. Ife tilibe liwu limodzi lotere, ndipo palibe cholakwika. "Kuba m'sitolo" n'kokwanira.

Yankho 3: Bambo, mlonda asasankhe dzina la mlandu, imeneyo ndi ntchito ya apolisi. Iye alembe zimene waona: watenga chiyani, wabisa pati, wadutsa pa tilu nthawi yanji, wagwidwira pati. Wosintha mtengo lembani kuti wachita chinyengo, ndipo kapepalako musunge. Muwauzenso alondawo asamamukuwize munthu kuti "wakuba!" pagulu. Anthu akathamangira mawu amenewo safunsa kuti waba chiyani.