Kodi mafuta a tea tree ndingapange ndekha pakhomo?

Wasopo_Limbe: Abale, ndimapanga sopo ndi mafuta odzola, ndipo ambiri ondigula ndi atsikana ovutika ndi ziphuphu. Kabotolo ka tea tree ka 10ml kakundidyera mpamba. Alamu anga amagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, masamba atha kundipezera. Ndikawawiritsa mafutawa angatuluke?

Mlendo_NSW: Mayi, alamuwo musawavutitse, dzinali ndi limene likukusocheretsani. Tiyi wa ku Thyolo ndi Camellia sinensis. Mafuta mukunenawa amachokera ku Melaleuca alternifolia, mtengo wa masamba owonda ngati singano, wa banja limodzi ndi bulugamu. Kwawo ndi kuno kumpoto kwa New South Wales ku Australia, m'madambo, ndipo anthu a mtundu wa Bundjalung ankachiza nawo zilonda ndi chifuwa azungu asanafike.

Ine ndinagwirako ganyu pa famu ina kufupi ndi Lismore. Mitengoyo saidikira kuti italike. Makina amaidula chapansi chaka ndi chaka, iyo n'kuphukiranso. Masamba ndi tinthambi zimaduliridwa m'chibini chachitsulo, amatseka, n'kulowetsa nthunzi yotentha kuchokera pansi. Nthunziyo imanyamula mafuta, imadutsa m'mapaipi ozizira n'kusanduka madzi, mafuta n'kuyandama pamwamba. Amene anaonapo kachasu akutchezedwa amva msanga. Chinandiwawa mtima tsiku loyamba ndi kuchepa kwake: makilogalamu 100 a masamba amatulutsa kilogalamu imodzi kapena awiri basi. Tsiku lonse tatuwa, zovala zikununkha mankhwala, zotuluka zake n'zonyamula m'manja. Kudula mtengo kwa mafutawa kumachokera pamenepo.

Namwino_wopuma: Mwana wanga, ine nkhawa yanga ili pa khungu la atsikanawo. Pogula funsani ngati mafutawo akukwanira muyezo wa mayiko onse wa ISO 4730, umene umafuna kuti terpinen-4-ol, amodzi mwa mankhwala a m'mafutawo, asachepere 35 peresenti. Ameneyo ndiye amalimbana ndi tizilombo. Musawapake osasungunula, amawotcha. M'zopaka za ziphuphu mafutawa nthawi zambiri sapitirira 5 peresenti, ndipo munthu ayambe wayesa pamkono kaye. Sungani m'botolo lakuda lotseka bwino, chifukwa akakumana ndi dzuwa ndi mpweya amasintha n'kuyamba kuyabwa. Ndiponso si akumwa, ndi poizoni. Aikeni patali ndi ana, amphaka ndi agalu.

Wasopo_Limbe: Zikomo amayi, mabotolo anga ndi owala ndipo amakhala pawindo, ndawachotsa pompano. Achimwene a ku Australia, poti ndi pachibale, masamba a bulugamu bwanji? Kuseri kwathu ulipo wambiri.

Mlendo_NSW: Mafuta atuluka ndithu, njira yake ndi yomweyo, koma amenewo ndi a bulugamu, odzaza ndi cineole, aja amanunkhira ngati mankhwala a chimfine. Mukawathira m'sopo lembani kuti bulugamu, osati tea tree. Ndipo musayese ndi mgolo wotseka ponseponse, nthunzi ikasowa potulukira imaphulitsa.