Kodi Kawaguchi analephera bwanji ku Portsmouth pamene kwawo anali katswiri?

Nangozo (Highfield):
Ndikupempha akuluakulu otsatira mpira andithandize. Mwana wanga ndi goloboyi wa timu ya pasukulu pake kuno ku Harare, ndipo aphunzitsi ena amuuza kuti ndi wamfupi kwambiri moti sadzapita patali. Pomulimbikitsa, malume ake anamutchulira Yoshikatsu Kawaguchi wa ku Japan, amene anasewerera dziko lake masewero 116 ngakhale kuti sanali wamtali. Koma mwanayo wamva kuti munthuyu atapita ku timu ya Portsmouth ya ku England mu 2001 sanakhalitse pagolo, ndipo wagwa mphwayi. Kodi chinachitika n'chiyani kumeneko?

Aphiri (Mbare):
Mayi, nkhaniyo ndi yoona, ndipo kubisira mwana sikungamuthandize. Kawaguchi anachoka ku Yokohama F. Marinos ali ndi mbiri yaikulu, popeza mu 1996 pa Olimpiki ya ku Atlanta anatchinga mipira yambirimbiri mpaka Japan inagonjetsa Brazil 1-0. Ku England anapeza mpira wa mtundu wina, woponyera m'mwamba pafupi ndi golo, kumene osewera amphamvu amakankhana ndi goloboyi osamumvera chisoni. Mu Januwale 2002 Portsmouth inagonja 4-1 pakhomo kwa Leyton Orient, timu ya ligi yotsika, mu chikho cha FA Cup, ndipo malo ake anapatsidwa kwa Dave Beasant, bambo wa zaka 42. Kuchokera apo anakhala pabenchi kufikira pamene anapita ku Nordsjælland ya ku Denmark mu 2003. Portsmouth yomweyo ndi imene inadzalandira Benjani Mwaruwari wathu mu 2006.

Che Mbewe (Mufakose):
Achimwene Aphiri anena zoona, koma mwanayo amve zimene zinatsatira. Mu 2004, pa Asian Cup ku China, Japan inalepherana ndi Jordan 1-1 mu ndime ya makotafainolo, ndipo pa mapenate a ku Japan awiri oyamba anaponyera kunja. Kaputeni Tsuneyasu Miyamoto anadandaula kwa woyimbira kuti pamalo oponyerapo pankaterera, ndipo anasamukira ku golo linalo. Jordan inatsogola 3-1, ikungofunika chigoli chimodzi kuti ipambane, koma Kawaguchi anakankha mpira ndi dzanja mpaka unakamenya chitsulo cham'mwamba, kenaka anatchinganso ina. Japan inapambana 4-3 ndipo inakatenga chikhocho. Ine ndimaonerabe kanema wa mapenate amenewa, ndipo chimandigwira mtima ndi nkhope yake yodekha pamene anzake anali atataya kale mtima. Pa World Cup ya 2006 ku Germany anatchinganso penate ya Darijo Srna wa ku Croatia, masewero n'kutha 0-0.

Aphiri (Mbare):
Ndiwonjezepo kuti pa World Cup ya 2002 pagolo panali Seigo Narazaki, ndipo mu 2010 ku South Africa panali Eiji Kawashima, Kawaguchi ali pabenchi maulendo onse awiri. Anasewerabe ku Júbilo Iwata, FC Gifu ndi SC Sagamihara mpaka 2018, ali ndi zaka 43.

Nangozo (Highfield):
Zikomo kwambiri, abambo. Madzulo ano tionera limodzi mapenate a Jordan, ndipo Loweruka ndidzapempha malume ake kuti azimuponyera mipira ya m'mwamba pabwalo la kuseri kwathu.