Kodi umphawi woyerekeza ndi umphawi weniweni?

Anzanga amene mumaphunzira za kakhalidwe ka anthu, ndikupempha thandizo lanu pa nkhani imene yandizunguza mutu.

Ndamvetsa kuti pali umphawi wadzaoneni, pamene munthu akusowa chakudya, pogona ndi zovala, komanso pali umphawi woyerekeza, pamene munthu amadya ndithu koma sangakwanitse moyo umene anthu ambiri a m'dziko lake amauona ngati wamba. Mayiko a European Union amaika malire a umphawi woyerekezawu pa 60 peresenti ya ndalama zimene munthu wapakati amapeza. Chondivuta n'chakuti ndalama za aliyense zitawonjezeka kawiri, chiwerengero cha osauka oterewa sichingatsike ngakhale pang'ono. Kodi pamenepa tikuyeza umphawi, kapena tikungoyeza mpata wa pakati pa olemera ndi osauka, umene muyezo wa Gini umaonetsa kale pogwiritsa ntchito manambala oyambira pa 0 mpaka 1?

Funso lina likukhudza Max Weber, katswiri wa ku Germany wa maphunziro a kakhalidwe ka anthu, amene anasiyana maganizo ndi Karl Marx, katswiri winanso wa ku Germany, ponena kuti chuma chokha sichiika munthu pamalo ake pakati pa anthu, chifukwa ulemu ndi mphamvu za ndale nazonso zimawerengedwa. Ine ndikuona kuti Weber anali ndi mfundo, koma nanga mphunzitsi wolemekezeka wa malipiro ochepa tingamuike m'gulu liti?