Kabuleta ya Beetle yanga ikusefukira petulo, ndiyambire pati?

Wa Beetle ya 72

Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi VW Beetle ya 1972, injini ya 1600, kabuleta yake ndi Solex 34 PICT-3. Vuto ndi loti ikumapanga flood, kutanthauza kusefukira petulo, moti ndasowa pogwira. Mmawa ikakhala yozizira imalira bwinobwino, koma ndikayenda nkuimika penapake olo kwa kanthawi kochepa, pobwera kuti ndilize sitata imangozungulira osagwira, kumbuyo konse fungo la petulo lokhalokha, ikati yagwira nde utsi wakuda bii ku ekizozi kwinaku ikunjenjemera kufuna kuzima. Mapulagi ndamasula onse ndi akuda ndi mwaye, ena onyowa kumene. Nditazimitsa ndinachotsa air cleaner nkusuzumira kukhosi kwa kabuleta, petulo akungodontha yekha injini ili chete, mpaka wina akutulukira pa shafiti ya throttle, kachitseko kamene kamatseguka ukaponda akisileta, kunyowetsa panja.

Chomwe chasintha posachedwapa ndi pampu ya petulo basi, yakale imadontha nde ndinaikitsa yatsopano. Wina wandiuza kuti ndingomanga masikulu a mixture aja petulo achepe. Ndi zoona zimenezo? Galimotoyi ndimaikonda kwambiri sindikufuna kuiononga ndi zongoyerekeza.

Makaniko Wopuma

Achimwene masikulu amenewo musawakhudze kaye chonde. Amenewo ntchito yake ndi ya idling, kulira kwa injini musanaponde akisileta, sangaletse petulo amene akudontha injini itazima. Mukawapotokola mudzangokhala ndi mavuto awiri mmalo mwa limodzi.

Kabuleta ili ndi kambale kosungira petulo, mkati mwake muli floti yoyandama, pamwamba pake pa chivindikiro pali nidulo valavu. Zimagwira ngati thanki ya toileti, petulo akadzadza floti imakwera nkukankha nidulo, nidulo nkutseka khomo. Nde mukaona petulo akusefukira kukhosi dziwani kuti khomo limenelo silikutsekeka, kaya pali kachitsotso kakhala pa nidulo, kaya nidulo yadyeka, kaya floti yabooka yamwa petulo yamira, apo ayi pampu ikukankha mwamphamvu kuposa mmene nidulo ingapirire.

Yambani ndi chosavuta. Finyani paipi yolowetsa petulo ku kabuleta, lizani injini idye petulo wa mkambale mpaka izime yokha, kenako masulani paipi ija mulizenso. Floti imakhala yatsikiratu pansi nidulo yatseguka yonse nde petulo amabwera mwaliwiro nkukokolola kachitsotso ngati kanalipo. Zikapanda kusintha masulani masikulu asanu a chivindikiro muchinyamule mosamala gasiketi ingang'ambike. Tulutsani floti muigwedeze pafupi ndi khutu, mukamva khuchukhuchu mkati ndiye kuti yatha ntchito, gulani ina. Nidulo iyeseni chonchi, pukutani polowera petulo, uzirani mpweya ndi pakamwa kwinaku mukukankha kamutu kake ndi chala pang'onopang'ono, mpweya ukamadutsabe ndiye kuti sikutseka. Onaninso kawashala kamene kamakhala pansi pa nidulo pomangira paja, anthu amakataya kapena kuika konenepa mosiyana osadziwa kuti kameneko ndi kamene kamakhazika levulo ya petulo mkambale, komanso kakasweka petulo amangolambalala nidulo kudutsira mmazinga. Ndipo pobwezera floti muonetsetse kapulasitiki kopindika kamene kamagwira pini yake kalowa mmene munakapezera, kakatembenuka floti imakodwa.

Pakadali pano ikakukanirani panjira musamapope akisileta, kupopa kulikonse kabuleta imalavulira petulo wina mkati. Pondani mpaka pansi mugwire pompo osasuntha phazi, muziliza sitata pang'onopang'ono mukuipumitsa, mpweya wambiri ulowe uumitse.

Mnyamata wa Kombi

Ine zimenezi zinanditopetsa pa Kombi yanga ndinangogula kabuleta yatsopano basi nkhani inatha. Zaka zoposa 50 bwana chitsulo chimatopa, shafiti ija mukuti ikunyowa nde kuti yadyeka kale. Komanso mwaiona choki, kachitseko ka pamwamba pa kabuleta kochepetsa mpweya injini ikakhala yozizira? Ya pa 34 PICT-3 ndi yamagetsi, waya wake umachokera pa koyilo, ukathothoka choki siitentha nde imangokhala yotseka ulendo wonse, utsi wakuda ndi mapulagi amwaye zimabweranso choncho.

Makaniko Wopuma

Za choki mwanena zoona mphwanga, ayione ndithu, injini ikatentha kachitseko ka pamwamba kaja kazikhala chilili kotsegukiratu. Koma choki siingadonthetse petulo injini itazima. Zogula kabuleta ina nde ine ayi sindikuvomera. Shafiti ikunyowa chifukwa petulo akudikha pa throttle yotseka nkusowa kolowera, olo kabuleta yabwino imatero ikasefukira. Ndipo ngati wolakwa ndi pampu, yatsopanoyo idzasefukiranso chimodzimodzi. Solex yeniyeni yoti thupi lake silinasweke ndi yosunga imeneyo.

Mayi wa Magalimoto Akale

Bambo a Beetle, ine mawu amene ndawagwira mu uthenga wanu ndi akuti vutoli labwera mutasintha pampu. Pamenepo mpamene ndingayambire ine.

Kabuleta zimenezi zimafuna pulesha yochepa zedi, cha mma 3 psi basi, ikapyola pamenepo nidulo imagonja olo ikhale yatsopano. Mapampu ambiri ogula masiku ano amakankha kuposa apo. Pezani geji ya pulesha yotsika muilumikize pakati pa pampu ndi kabuleta muone nokha, musangokhulupirira kuti poti ndi yatsopano nde ili bho. Chinanso chimene anthu ambiri amaphonya, mapampu a Beetle alipo amitundu iwiri ndipo iliyonse ili ndi kandodo kake kokankhira kuchokera mu injini. Ya injini ya jenereta kandodo kake ndi ka 108mm, ya injini ya olitaneta ija yopendekeka ndi ka 100mm. Nde wokuikirani uja ngati anatenga pampu ya olitaneta nkuikhazika pa kandodo kakale kakatali, ikukankhidwa mopyola muyeso, pulesha imakwera komanso pampuyo siikhalitsa. Zulani kandodo muyeze ndi rula. Ngati kandodo ndi koyenera koma pulesha yakwerabe pang'ono, amaonjezera magasiketi pansi pa pampu kuti itukuke pang'ono, mumaika imodzi nkuyeza, imodzi nkuyeza, mpaka itsike.

Zoti ikuvuta ikatentha zikugwirizananso, mukazimitsa fani imaima kutentha konse kumakwera mmwamba, petulo wotsekeredwa mpaipi pakati pa pampu ndi kabuleta amafufuma nkukankha nidulo yofooka kale ija.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi oyilo. Petulo amene mukumuona akudonthayo sathera pompo, amatsika mmanifodi, kulowa mmasilinda, kutsuka oyilo wa mmakoma nkudutsa maring'i mpaka pansi. Solorani dipisitiki mununkhize. Ngati akununkha petulo kapena levulo yakwera yokha musayendenso nayo, oyilo wosungunuka choncho amadya mabering'i, ndipo Beetle imasunga oyilo wochepa, malita awiri ndi theka okha, nde sachedwa kuonongeka. Komanso chonde pogwira ntchitoyi injini ikhale yozizira, batire mwachotsa waya, chozimitsira moto chili pafupi. Pa Beetle distributor ndi koyilo zili pompo pafupi ndi kabuleta, magalimoto amenewa ambiri anapsa chifukwa cha petulo wodontha malo amenewo. Gwedezaninso kapaipi kamkuwa kolowera petulo pa kabuleta, kamangokhomeredwa nde kakakalamba kamazuka.

Wa Beetle ya 72

Zikomo kwambiri nonse, ndabwera ndi zotsatira. Floti ili bwino ilibe kanthu mkati, choki ikutseguka. Koma pansi pa kambale ndapeza fumbi lofiira ngati dzimbiri ndi tizidutswa takuda ta labala, nidulo nayo poiuzira mpweya umadutsa ndithu. Kandodo ndayeza ndi ka 108 pomwe pampu anandiikira ija ndi yopendekeka ya olitaneta, ndendende mmene munanenera mayi. Ndaika ka 100, nidulo yatsopano ndi kawashala kake, geji ikuonetsa pafupifupi 3, ndayenda mpaka kutentha nkuzimitsa kukhosi kuli gwa kouma, kuliza ikugwira nthawi yomweyo. Oyilo analidi kununkha petulo ndakhetsa ndathira wina. Funso latsala ndi la dzimbiri lija, ndiike fyuluta pafupi ndi kabuleta?

Makaniko Wopuma

Fyuluta ikani koma osati pakati pa pampu ndi kabuleta achimwene, pamenepo pali pulesha komanso kulemera kwake ikamagwedera kumazula kapaipi kamkuwa kamene anena mayi aja. Ikhale petulo asanafike ku pampu, kunja kwa chipinda cha injini, pansi pa thanki kutsogolo kapena pafupi ndi giyabokosi. Tizidutswa takuda tija ndi mapaipi akale akusuwa mkati, sinthani onse a labala mugule opirira petulo wosakaniza ndi ethanol, a 5.5mm, mumange ndi makilampu mbali zonse. Dzimbiri likuchokera mthanki, fyuluta yatsopanoyo muziiyang'ana, ikamafiira msanga thanki itsike ikatsukidwe apo ayi nidulo yatsopanoyo idzakodwanso.