Madzi mu bilge mvula ikagwa, ndimate silikoni pa chainplate?

Thanga79: Akuluakulu ndigawireni nzeru. Ndinagula boti la matanga lakale, la faibagalasi, la 1979, mafiti 30, ndipo ndimalikonda kwambiri nde sindikufuna kuphonya. Vuto ndi loti ndikapita kukaliona ndimapeza madzi mu bilge (kunsi kwenikweni mkati mwa boti komwe madzi amadikha), mwina malita 3 kapena 4, ndipope lero sabata yamawa abweranso. Ndimakayikira stuffing box ya shafti (chotchinga madzi pomwe shafti ya injini imatulukira kunja) koma ndi pouma, ma seacock (mavavu a mapaipi otulukira pansi pa boti) ndagwira onse palibe chinyezi. Dzulo ndaona kamzere ka dzimbiri katsetsereka pa chipupa cha pulayiwudi mbali ya kumanja, pansi pa chainplate, chitsulo chomangidwa ndi mabawuti ku chipupacho chimene chimagwira waya woimika mlongoti. Ndimaganiza zongomata silikoni pa deki (pamwamba pa boti poponda paja) pomwe chitsulocho chimatulukira, mukuti bwa?

MaiNangula: Boti lili pa madzi amchere achimwene? Ngati eya nyowetsani chala mulawe pang'ono. Akakhala amchere akuchokera pansi, akakhala opanda mchere ndi mvula. Komanso wazani ufa wa choko pa chipupacho, madzi akadutsa amasiya njira yake.

Thanga79: Ndi amchere mayi, koma a mu bilge ndalawa alibe mchere, ndipo ndakumbukira kuti amachuluka mvula ikagwa. Choko chija chaonetsa mzere kuchokera pa chainplate penipeni.

MkuluWaRigi: Nde silikoni musiyeni kaye mphwanga. Kudonthako si nkhani yaikulu, nkhani ndi chitsulo chomwe madziwo akhala akuchinyowetsa zaka zonsezi. Chainplate ndi ya stainless, ndipo stainless imadziteteza ndi kachikopa kopyapyala kamene kamafuna mpweya kuti kakhalepo, tsono mkati mwa deki muja muli chinyezi koma mpweya mulibe, ndiye chitsulo chimadyeka mobisa, pamwamba chikuwala bwinobwino pansi chikuwalanso koma pakati pomwe simukuonapo pali timaenje ndi ming'alu. Ndipo chainplate ndi imene yagwira waya woimika mlongoti. Ikaduka mphepo ikuwomba mlongoti umagwa ndithu, ine ndinaonapo ndi maso anga ndipo sindifuna zikuchitikireni. Mukamata pamwamba mwangotsekera chinyezicho mkati. Zulani muione.

Thanga79: Apa mwandiopsa madala. Ndikazula mlongoti uli chiimire sugwa? Kutsitsa mlongoti pano sindingathe.

MkuluWaRigi: Sugwa mukamachita imodzi imodzi, tsiku lopanda mphepo. Tengani halyard (chingwe chokwezera tanga), mangani pa malo olimba mbali yomweyo ngati cleat (chitsulo chomangirapo chingwe) yaikulu, kokani ndi winch mpaka ilimbe. Musanamasule turnbuckle (chokungira waya cholumikiza wayayo ku chainplate) kulungani tepi pa mazinga kuti mudzadziwe pomwe inali pobwezera. Mawaya ena onse asiyeni momwe alili.

MmisiriFaiba: Ndiwonjezereko za matabwa. Bayani chipupacho ndi sikuludiraiva mozungulira mabawuti, ikalowa mosavuta pulayiwudi yawola ndipo chitsulo chatsopano sichikuthandizani chifukwa chilibe pogwira. Onaninso ngati mabowo a mabawuti atalika kukwera m'mwamba, zikatero chainplate yayamba kale kusuntha. Maboti ambiri a zaka zimenezo deki yake ili ndi balsa (thabwa lopepuka) pakati pa faiba wapamwamba ndi wapansi, gogodani ndi nyundo ya pulasitiki mozungulira, pabwino pamalira mokuwa koma powola pamangoti phu phu. Akakhala malo ochepa kolowolani balsa wowolayo ndi msomali wopinda womangidwa pa dirilo, muumitse mokwanira, mudzazemo guluu wa epoxy wolimbitsidwa ndi filler, kenako mutsegulenso mpata wa chitsulo. Mukatero ngakhale padzadonthe tsiku lina madzi sadzakhudzanso balsa. Za silikoni zija, amasiya kamafuta koti china chilichonse chimakana kumata pamenepo, kuchotsa kwake ndi ntchito.

MaiNangula: Pomata ine ndimagwiritsa butyl tepi pansi pa kambale kophimba mpata wa chitsulo pa deki kaja, siuma ndipo imatsatira chitsulo chikamasuntha.

MmisiriFaiba: Butyl ndi yabwino mayi bola kambaleko kakhale ndi masikuluu oifinya, popanda chofinya ine ndimasankha chomatira cha polysulfide. M'mphepete mwa mpatawo muzisemako pang'ono kuti chomatiracho chikhale chochindikala. Chomwe ndingakane ndi 3M 5200, ndi guluu wamphamvu wa zinthu zosadzamasulanso, pomwe apa mudzafuna kumatsegula nkumaona.

Thanga79: Ndabweranso akuluakulu. Ndazula ya kumanja monga munanenera, mlongoti sunagwedezeke nkomwe. Koma zomwe ndaona mtima wanga wapita pansi, chigawo chomwe chinali mkati mwa deki chili ndi timaenje takuda ndipo nditapopera dye penetrant (utoto woonetsa ming'alu) mng'alu wofiira waoneka kuchokera m'mphepete kufika pafupifupi pakati. Mwezi watha ndinayenda nalo botili mphepo ili yamphamvu ana anga ali momwemo. Pulayiwudi ndi yolimba kupatula pa bawuti yapamwamba, balsa wanyowa ngati masentimita 5 mozungulira. Kodi kuwotcherera mng'aluwo kungatheke?

MkuluWaRigi: Ayi, musawotcherere. Mng'alu womwe mwauona uli ndi anzake omwe simunawaone. Tengani yakaleyo ikhale chitsanzo, akudulireni yatsopano ya stainless ya mtundu wa 316, kuchindikala kofanana ndi mabowo ofanana, ndipo aipolishe mpaka iziwala ngati galasi chifukwa dzimbiri limayambira m'mikwasa. Mabawuti nawo atsopano onse. Ndipo zinzake zonse zili ndi zaka zofanana, za kumanzere, ya kutsogolo, ya kumbuyo, musayende mpaka mutaziona. Funso lina, mawaya enieniwo anasinthidwa liti? Ambiri timasintha pakati pa zaka 10 ndi 15.

Thanga79: Mwini wakale analibe pepala lililonse la mawaya, nde ndiwatenga ngati akale basi, ndiyamba kuona ma swage apansi (zitsulo zofinyidwira kumapeto kwa mawaya) ngati ali ndi ming'alu. Ya kumanzere ndizula ya kumanja ikabwerera m'malo. A MmisiriFaiba, balsa uja ndidziwa bwanji kuti wauma?

MmisiriFaiba: Matani kapulasitiki koonekera pa mpatawo ndi tepi mbali zonse, kakhale tsiku lonse padzuwa. Kakachita nthunzi mkati sanaume, pitirizani kuumitsa. Pa bawuti yapamwamba paja munditumizire chithunzi musanathire epoxy, ndikufuna ndione ngati pakufunika chigamba cha pulayiwudi.