Kodi ma neutron a fusion angathetse zinyalala za nyukiliya?

Chifuniro_88:
Akuti ma neutron (tizidutswa ta m'kati mwa atomu) otuluka mu fusion, kuphatikizana kwa ma atomu opepuka, angaswe zinyalala za nyukiliya. Amaposa bwanji a m'ma reactor wamba? Nanga angathane ndi zinyalala zonse?

Tiyamike:
A Chifuniro, kusiyana kuli pa mphamvu. Deuterium ndi tritium (mitundu ya hydrogen) zikaphatikizana, neutron imatuluka ndi mphamvu ya 14.1 MeV, pomwe ya fission, kusweka kwa ma atomu olemera m'ma reactor wamba, imangokhala ndi pafupifupi 2 MeV. Americium-241, imodzi mwa zinyalalazo, ikakumana ndi neutron yoyenda pang'onopang'ono, kawirikawiri imangoimeza n'kudzasanduka curium, vuto n'kukhalapobe. Yothamanga ndiyo imaiswa pakati. Chimodzimodzi neptunium-237, yomwe theka lake limatha patapita zaka 2.14 miliyoni.

Koma zonse ayi. Technetium-99 imafuna neutron yochepetsedwa liwiro: ikaimeza imakhala technetium-100, ndipo theka la imeneyi limasanduka ruthenium yosaopsa pa masekondi pafupifupi 16. Caesium-137 ndi strontium-90 sizimeza neutron mosavuta. Theka la chilichonse mwa ziwirizi limatha pa zaka pafupifupi 30, ndiye kuli bwino kungozisunga.

Kondwani_M:
Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti ma neutron ake ndi operewera. Kuphatikizana kumodzi kumatulutsa neutron imodzi yokha, ndipo imeneyo ikufunika kale kuti igunde lithium n'kupanga tritium ina. Mukaipereka ku zinyalala, makina atha mafuta. Beryllium kapena lead zimachulukitsako pang'ono, koma njira yeniyeni ndi kuzunguliza plasma, mpweya wotentha kwambiri momwe fusion imachitikira, ndi chigawo chokhala ndi zinyalalazo, momwe fission imachitika koma singapitirire payokha. Ngati k, chiwerengero cha ma neutron atsopano obwera pa neutron iliyonse, ili 0.95, neutron iliyonse yolowa imabala pafupifupi 20. Mukazimitsa plasma, fission nayonso imazima. Chimenechi n'chofunika chifukwa americium imatulutsa ma neutron ochedwa kutuluka, omwe amathandiza kuwongolera fission, ochepa kwambiri, choncho reactor wamba yodzaza nayo njovuta kuiwongolera.

Chifuniro_88:
Ndiye chikuchedwetsa n'chiyani?

Tiyamike:
Makinawo kulibe. JET, makina oyesera fusion a ku Culham ku England, inatulutsa mphamvu yokwana 69 MJ mu 2023, koma kwa masekondi 5 okha, pomwe ntchitoyi imafuna kuyaka miyezi osaleka. Ma neutron a 14 MeV amapanganso helium m'kati mwa chitsulo cha khoma, n'kuchifufumitsa ndi kuchichititsa kusweka msanga.

Kulekanitsa americium ndi zinyalala zina nakonso n'kovuta. Ku fakitale ya La Hague ku France amachotsa uranium ndi plutonium basi m'mafuta a nyukiliya ogwiritsidwa kale ntchito, americium imapita m'galasi limodzi ndi zinyalala zina. Kuisiyanitsa ndi ma lanthanide, zitsulo zina zopezeka m'zinyalalazo, kumavuta poti zimafanana kwambiri, ndipo ulendo umodzi suwotcha yonse, muyenera kusungunula ndi kubwezamo kangapo. Kwa ine, reactor yoyesera ya MYRRHA ya ku Mol ku Belgium, yomwe idzapeza ma neutron kuchokera ku accelerator (makina othamangitsa tizidutswa ta atomu), ndiyo ingayambe kuyesa zimenezi fusion isanafike.