Za mphaka uja ndinafunsa zadziwika

Sabata yatha ndinafunsa za tizidutswa toyera timene tinkayenda pansi pa mchira wa mphaka wanga, chonsecho ndinali nditamumwetsa kale mankhwala a njoka zam'mimba. Inu amene munatchula utitiri, munalasa. Adokotala a ziweto akuti ndi njoka za mtundu wa tapeworm: mphaka akamadzinyambita amameza utitiri wonyamula njokazi, basi njoka yalowa. Mankhwala anga aja sapha mtunduwu.

Anandipatsa praziquantel, mankhwala opha njoka za mtunduwu, ndi mankhwala a utitiri odonthezera kuseri kwa khosi. Galu nayenso walandira akeake, poti amagonera limodzi. Chonde musayerekeze kupaka mphaka mankhwala a galu, ena ali ndi permethrin imene imapha mphaka.

Zogonera ndachapa ndi madzi otentha. Tizidutswa tija sindikutionanso, koma ndizibwereza mankhwalawa miyezi 3 iliyonse.